Amene Anadya Chiwindi cha Khamsai

"Wandimenya! Bunthan, waona ndi maso ako, mkazi uyu wandimenya pakhomo panga pomwe!"

Mayi Thongbai anali atatukula dzanja m'mwamba ngati lathyoka. Mbamu ya mpunga ndi nsomba imene ankafuna kuika m'kamwa mwa mdzukulu wawo inali padothi, nkhuku ziwiri zikuilimbirana.

"Sindinakumenyeni, amayi, ndangotchinga," anayankha Lamduan, mkazi wa mwana wawo wamng'ono, akukokera mwana wake Fon kumbuyo. "Ndinanena kale. Mwanayu mpatseni chilichonse, kaya chule, kaya ziwala, kaya nkhono zowiritsa, koma nsomba yaiwisi ayi."

"Yaiwisi iti? Imeneyi ndi yaiwisi?" anafunsa Bunthan, mkulu wa mwamuna wake, akupendeketsa beseni kuti aone. Anali atakhala pamphasa kunsi kwa nyumba, pakati pa nsanamira zazitali zimene zinanyamula nyumbayo, pamene banja lonse limathawira dzuwa la masana. Chiyambire m'mawa anakhala akudula tinsomba ta kudambo ndi chikwanje, minga ndi mamba omwe, mpaka tinasanduka phala. Anafinyiramo mandimu, nathira tsabola ndi ufa wa mpunga wokazinga, kenako n'kukutumuliramo chisa cha nyerere zofiira, zimene zinali zikuyendabe pamwamba. "Taona mmene yayerera. Mandimu aphika, nyerere zaphika, chotsala chikapsa ndi kachasu m'mimba. Koi ameneyu ndiye analera makolo athu, ndiye iwe wobwera dzana lomweli utiphunzitse kudya?"

"Chikomekome cha mkuyu, alamu, m'kati muli nyerere."

"Nyererezo ndathiramo dala!" anatero Bunthan, ndipo mkazi wake Sangwan anaseka mpaka kutsamwa.

Kusekako sikunakhalitse. Pamwamba pa mitu yawo, kudzera m'mipata ya matabwa, panamveka phokoso limene aliyense pakhomopo anali atatopa nalo, zikhadabo zikukwekwesa khungu louma. Khamsai, mwamuna wa Lamduan, ankadzikanda osapuma. Anali atabwerako ku chipatala cha ku Khon Kaen maso ali chikasu ngati dzira, mimba itatupa, ndi kapaipi kotuluka m'nthiti kothira ndulu m'kathumba.

"Mukumumvatu mwana wanu," anatero Lamduan motsitsa mawu. "Adokotala anafotokoza inu muli pomwepo. Nyongolotsi zimabisala m'mnofu wa tinsombati. Mandimu sazipha, kachasu sazipha. Zimakakhala m'mitsempha ya ndulu zaka ndi zaka, zikukanda, mpaka pabuka khansa."

"Ine ndimamwa mbulu wa nyongolotsi chaka chilichonse, ndimatsuka m'mimba," anatero Bunthan.

"N'kudyanso mawa lake. Mng'ono wanunso ankatero. Adokotala anati mbuluwo umapha nyongolotsi, koma zipsera zimatsala."

"Anati, anati, anati," Mayi Thongbai anamudula pakamwa. "Nanga ananenanso chiyani adokotala akowo? Sanati tengani munthu wanu, kampatseni zimene mtima wake ukufuna? Achipatala akakweza manja, ndiye kuti nthendayo si ya kuchipatala. Ine ndakalamba ndikudya koi, mano andithera m'kamwa ndikudya koi. Bwanji sindinafe?"

"Si onse amene amadwala, amayi."

"Eya, si onse. Amasankhidwa." Mayiwo anapukuta zala pansalu, akumuyang'ana mpongozi wawoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chaka chimene unabwera chitengwa pakhomo pano, bambo awo a ana awa anali njati ya munthu. Mvula ziwiri sizinathe, maso chikasu, mimba kutupa, tinakawotcha mtembo wawo kukachisi. Anatsatira malume awo. Lero ndi Khamsai. Iwe sudya nafe, umadziphikira wekha m'kapoto kako, koma suwonda, ngakhale chimfine sichikudziwa. Tandiuze, mwana wanga, umakhuta chiyani?"

Sangwan anaweramira m'beseni. Bunthan anatola nyerere imene inkakwera pamkono wake, naiphwanya ndi mano. Palibe anatchula dzina la chinthucho, pakuti kwathu kuno dzina limenelo sititchula chisawawa, koma Lamduan analimva ngati kuti alifuula.

"Utsi sufuka popanda moto," anatero Mayi Thongbai. "Bunthan, ukawaitane a Phromma, asing'anga aja a kutsidya. Adzamufunse wodwalayo, atiuze yekha."

Chinthucho ndi pob, ndipo pob sakhala kumanda ayi. Akanakhala wa kumanda bwenzi tikungolambalala. Amakhala mwa munthu wamoyo, amene amatunga nawe madzi, kukubwereka mchere, kukunyamulira mwana. Akamva njala amatuluka mwa mwini wake, n'kukalowa mwa mnzake, n'kumadya chiwindi pang'onopang'ono munthuyo akuyenda. Amatero akuluakulu. Ndipo amawonjezera kuti mwini wake akafa kapena akachoka, chinthucho chimatsikira kwa mwana wake wamkazi, monga zimachitira ndolo ndi nsalu.

Nkhani ya pakhomo pa Mayi Thongbai sinagone. Mawa lake Lamduan atapita kukapereka mpunga kwa amonke a kukachisi, amayi amene ankagwada naye pamzere anasuntha mphasa zawo mwakachetechete, mpaka anatsala yekha pakati ngati chitsa m'munda. Kugolosale mwini wake anamuikira sopo pansi m'malo momupatsa m'manja. Mtsikana wina amene Lamduan anamuchezera usiku wonse pobereka anafunditsa khanda lake nsalu kumaso atamuona akubwera. Palibe anamutukwana. Ankamupatsa moni bwinobwino, maso ali pamimba pake.

Zonsezo akanapirira. Chimene chinamulasa mtima ndi Fon, amene anabwera kuchokera kusukulu ndi kadengu kake ka mpunga kosatsekula.

"Bwanji sunadye?"

"Anzanga akuti ndizikadyera kuseri kwa chimbudzi. Akuti ndikamadya pafupi nawo ndiwawerenga nthiti."

Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Lamduan anamusambitsa, namupesa tsitsi kwa nthawi yaitali kuposa masiku onse, kuti mwanayo asamuone nkhope.

M'mawa wina, akukhuthula kathumba ka ndulu m'mbale, anaona kanthu. M'madzi obiriwirawo munali kachinthu kaphanthiphanthi, konga katsamba ka bwemba, kofiirira, koonekera mkati. Anayandikiza mbaleyo pawindo. Kanthuko kanadzipinda, n'kudzitambasula, n'kudzipindanso, mosafulumira, ngati kali kwawo. Pambali pake panali kena. Lamduan anamva tsitsi likuimirira, komabe mtima wake unadumpha ndi chiyembekezo. Anatsika makwerero mbale ili m'manja, nakapeza Bunthan akusoka ukonde.

"Alamu, taonani. Si izi? Zatuluka mwa mng'ono wanu, zamoyo. Ndi zimene ananena adokotala."

Bunthan anasuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera m'mbuyo, nkhope itasintha.

"Sangwan! Amayi! Bwerani mudzaone, akuweta!"

"Alamu, sindikuweta, zachokera m'nsomba."

"M'nsomba? Ine ndatumbula nsomba chibadwire, sindinaonemo chinthu chotere. Iwe wadziwa bwanji pozipeza? Ndipo ukuzinyamula ngati ana ako, osaopa." Anatembenukira kwa mayi ake. "Mwaona? Ziweto zake izi. Akamachoka amasiyamo tiana kuti tizimusungira malo."

Mayi Thongbai analavula malovu pambali, nayamba kunong'ona mapemphero. Lamduan anaima ndi mbale yake, atazindikira kuti wadzikumbira yekha dzenje. Anakakhuthula zonse pamoto.

Atakwera m'nyumba anapeza Khamsai ali maso. Chipinda chinkanunkha fungo lozuna, longa la papaya lowola, ndipo pamtsamiro pamene anagonetsa mutu panali banga lachikasu.

"Ndamva zonse, make Fon," anatero ndi mawu otha mphamvu. "Ukanandifunsa. Munthu akafuna kuona mfiti, ngakhale umuonetse dzuwa adzati ndi diso la mfiti."

"Ndimati mwina akaona ndi maso."

"Tenga mwana, upite kwanu ku Roi Et. Lero lomwe."

"Ndikusiyeni ndi yani? Amayi saona n'komwe pamene pali kapaipi. Ndipo ndikathawa adzati wavomera."

"Adzatero ukhale, adzatero uchoke." Anadzikanda pachifuwa mpaka panatuluka timadontho ta magazi, Lamduan n'kumugwira dzanja. "Ukuidziwa nyumba ija yopanda denga kumapeto kwa mudzi? Ndinali mnyamata ine. Ndinaponya nawo miyala. Mayi a m'nyumbamo, amene ankawanena ufiti womwewu, ankagulitsa zitumbuwa za mpunga, ankandipatsa zaulere. Chaona mnzako chapita, akulu sananame."

"Musalankhule zambiri."

"Ndisiye ndilankhule. Chiwindi changa ndinadya ndekha, ndi mandimu, ndi anzanga, tikuseka. Ndipo usandiseke, ngakhale pano ndikamva chikwanje cha achimwene pathabwa, malovu amadzaza m'kamwa." Anayesa kuseka koma kunasanduka chifuwa. "A Phromma akabwera adzandikwapula mpaka nditchule dzina. Ndi mmene amachitira. Koma ine sinditchula, wamva? Andiphe ngati afuna, ndatsala pang'ono kale. Iwe udzangokhala chete, ugwire mwana. Undilonjeze."

Lamduan ananyowetsa nsalu nayamba kumupukuta msana.

A Phromma anafika Loweruka, dzuwa litakwera. Anali munthu wamfupi, wovala zoyera, wa mawu ofatsa ngati mphunzitsi wa ana aang'ono. Anabwera panjinga yamoto, atamangirira chikoti kumbuyo pamodzi ndi ambulera. Anapempha madzi akumwa, nayamikira mango a pakhomopo, nafunsa ngati mvula yagwa bwino chaka chino. Anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu, koma kunali zii, moti unkamva njati yoweta ikubzikula kukhola.

Anamutsitsa Khamsai, namugoneka pamphasa kunsi kwa nyumba. A Phromma anazunguliza ulusi woyera pansanamira zinayi kuti chinthucho chisapeze potulukira. Anayatsa kandulo, nadonthezera phula m'mbale ya madzi, namwaza madziwo pa wodwala. Kenako anayamba kumupapasa ndi chala chachikulu, kuyambira kuphazi, kukwera pang'onopang'ono. Atafika pansi pa nthiti za kumanja anakanikiza. Khamsai anakuwa.

"Ndi pamenepa pamene wabisala," anatero a Phromma mokondwa, ngati apeza nkhanu kuuna. "Mugwireni manja ndi miyendo. Musamve chisoni, abale anga. Amene ndikumenyayu si m'bale wanu, m'bale wanu samva kanthu."

Bunthan anagwira manja. Amuna awiri anagwira miyendo. Lamduan anaima kumbuyo kwa gulu, nkhope ya Fon ataikanikiza pamimba pake.

"Ndiwe yani?" anafunsa a Phromma.

"Ndine Khamsai, mwana wa Thongbai."

Chikoti chinalira m'malere.

"Ndiwe yani? Wachokera nyumba iti?"

"Nyumba yomwe ino. Achimwene, ndisiyeni, ndine ndemwe."

"Mwamumva kuchenjera kwake? Amabwereka ngakhale mawu." Chikoti chinatsikanso, ndi kutsikanso. Khungu la munthu wodwala chiwindi silichedwa. Paliponse pamene chikoti chinagwa panatupa mzere wakuda, kenako n'kuphulika, ndipo magazi sankaleka. Mayi Thongbai anali atagwada pafupi, misozi ikutsika, manja ataphatikiza pamphumi.

"Tchula, mwana wanga, tchula upume," ankalira. "Ukumubisiranji amene akukudya?"

"Palibe, amayi. Palibe munthu."

"Mwini wako ndani?" anafunsa a Phromma, osakweza mawu. "Ndi mwamuna kapena mkazi? Amagona pafupi kapena kutali?"

Khamsai anatembenuza mutu, nafunafuna pakati pa anthu ndi maso ake achikasu aja. Atamupeza Lamduan, Khamsai anapukusa mutu pang'ono, kumuletsa. Chikoti chotsatira chinakola kapaipi kaja n'kukazula. Ndulu yosakanikirana ndi magazi inayenderera pamphasa, anthu n'kubwerera m'mbuyo akufuula. Khamsai sanakuwenso. Anangotsekula pakamwa ngati nsomba ya pamtunda.

"Watsala pang'ono kugonja," anatero a Phromma, akupukuta thukuta. "Mutembenuzeni."

Lamduan anamukonda mwamuna ameneyu. Anamukonda ndi kuuma mutu kwake konse, ndi kachasu wake, ndi nthabwala zake zosaseketsa. Anadziwa kuti sadzatchula, ndipo anadziwa kuti a Phromma sadzaleka, chifukwa sing'anga wobwerera wopanda dzina saitanidwanso. Anachotsa manja a Fon m'chiuno mwake, nadutsa pakati pa anthu, nalowa pansi pa ulusi woyera uja.

"Ikani chikoti pansi. Ndine."

Bwalo lonse linapuma kamodzi.

"Wati chiyani, mwana wanga?" anafunsa a Phromma mwaulemu.

"Ndati ndine. Mwini wake ndine. Ndatuluka, si uyu ndaima pano? Msiyeni."

"Make Fon, ayi," ananong'ona Khamsai, koma mawu ake anamizidwa ndi mfuu ya Mayi Thongbai, amene anadzigwetsa pansi akudziguguda pachifuwa. Wina anaponya chigoba cha kokonati, chinamugunda Lamduan paphewa. Iye sanatembenuke. Anagwada, nakanikiza nsalu yake pabala la mwamuna wake, mpaka anthu anamukoka ndi tsitsi.

Anamumwetsa madzi a kandulo ndowa yathunthu mpaka anasanza, ndipo amayi ena analumbira kuti m'masanzimo anaonamo nyama yaiwisi. A Phromma anagamula kuti akakhale kuchisakasa cha kumunda, kutali ndi anthu. Wodwala akachira, ndiye kuti chinthucho chamvera, mkaziyo adzabwerera. Akapanda kuchira, mudzi udzadziwa chochita. Atatero anadya mpunga ndi nkhuku, nanyamula mango m'thumba, nakwera njinga yawo.

Kumunda kunali mpunga wobiriwira mbali zonse, ndi akakowa, ndi nkhono zomata pamapesi m'madzi osayenda. Chakudya ankamusiyira pamchumbu wa munda, patali, ngati cha galu wachiwewe. Tsiku lililonse ankaona amuna a m'mudzi akutsika ndi maukonde kudambo, ena n'kupatukira kaye kutchire la m'mphepete mwa madzi kukadzithandiza, monga achitira chikhalire. Ankawaona akubwerera madengu ali phiriphiri ndi tinsomba. Masana mphepo inkamubweretsera kulira kwa zikwanje pamatabwa, khomo ndi khomo.

Sabata isanathe, mphepo yomweyo inabweretsa kulira kwa ng'oma ya kukachisi. Palibe anabwera kudzamuuza kuti Khamsai wamwalira. Patapita masiku anaona utsi ukukwera kuseri kwa mitengo ya kukachisiko, wakuda poyamba, kenako woyera. Anagwada pamchumbu, nalira mokweza, poti kunalibe womumva.

Anamutenga m'mawa mwake. Bunthan ndi amuna ena anayenda kumbuyo kwake ndi ndodo, osamukhudza, mpaka pamsewu waukulu pamene matola amaima. Mudzi wonse unatsatira chapatali. Zovala zake anali atazimanga m'thumba la feteleza n'kuziponya m'mbali mwa msewu. Fon anali pakati pa Mayi Thongbai ndi Sangwan, atamumeta tsitsi, m'manja ndi m'khosi atamumanga ulusi woyera wambirimbiri.

"Galimoto ikabwera ukwere," anatero Bunthan. "Ukadzapondanso m'mudzi muno, usadzati sitinakuchenjeze."

"Ndamva, alamu. Fon, tiye."

"Mwana sapita," anatero Mayi Thongbai. Mawu awo anali atasasa ndi maliro. "Ndi magazi a Khamsai. Wandidyera mwamuna, wandidyera mlongo, wandidyera mwana, ufuna unditengerenso ichi chokha chatsala? A Phromma amumanga, ati akhoza kuyera ngati sakuonanso."

"Amayi, ndagwira mwendo wanu. Inu mukudziwa chifukwa chimene ndinavomerera."

"Unavomera wekha, pamaso pa anthu. Kodi alipo anakukwapula iwe?"

Lamduan anatembenukira kwa Bunthan kuti amuchonderere. Anali asanamuone pafupi chotere padzuwa kwa masabata angapo, chifukwa pakhomo ankakhala mumthunzi wa kunsi kwa nyumba. Tsopano dzuwa la m'mawa linkamuwomba kumaso. Lamba wake anali ataboola bowo latsopano. Dzanja lake lamanzere linali mkati mwa malaya, likukanda pansi pa nthiti, mwini wake osadziwa. Ndipo m'mbali mwa maso ake, moyera muja, munali mutayamba mtundu umene Lamduan ankaudziwa kuposa wina aliyense.

Poyamba anamumvera chisoni. Kenako anaganiza za miyezi ikubwerayo. Bunthan adzagona pamphasa ija. A Phromma adzabweranso ndi chikoti ndi ambulera. Adzafunsa dzina, ndipo mkazi wobwera adzakhala atachoka kale. Anayang'ana anthu aja, naona mmene anaimira. Ngakhale pamenepo, ulusi uli m'khosi, panali mpata pakati pa Fon ndi ana anzake, ndipo Sangwan anamugwira ndi nsonga za zala zokha.

Matola anatulukira pakona, akuliza hutala.

Lamduan anali asananenepo bodza lalikulu m'moyo wake kufikira tsiku la chikoti lija, ndipo anapeza kuti bodza lachiwiri silivuta ngati loyamba. Anamasula tsitsi lake, naligwetsera kumaso. Anayenda pang'onopang'ono kupita kwa Bunthan, akumwetulira, nanyambita milomo.

"Alamu," anatero ndi mawu otsika amene iye mwini sanawazindikire, "mwagona bwanji masiku ano? Kuyabwa kwayamba? Mkodzo wafiira ngati tiyi?"

Ndodo inagwa m'manja mwa Bunthan.

"Sangwan, tabwera udzaone maso a mwamuna wako. Bwera, usaope, yang'anitsitsa." Sangwan anasiya mwana, nathamangira kwa mwamuna wake, namugwira chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa. Kukuwa kwake kunabalalitsa akakowa m'munda. "Ndangolawako pang'ono," anapitiriza Lamduan. "N'chonona kuposa cha mng'ono wake. Mukanditsalira ndi mwana wanga, ndizibwera kudzamuona tsiku lililonse, ndipo sindibwera ndi njala n'kubwerera nayo. Ndikamaliza uyu ndilowa nyumba yotsatira. Ulusi wanuwo ndimatokosera m'mano."

Anthu anabwerera m'mbuyo mpaka ena anagwera m'ngalande. Bunthan, munthu amene ankanyamula thumba la mpunga ndi dzanja limodzi, anagwada pafumbi.

"Mlamu, pepa. Tenga mwana, tenga chilichonse. Undisiye, ndili ndi ana."

"Amayi, mpatseni!" analira Sangwan. "Mpatseni mwana wakeyo, n'chimodzimodzi ndi make!"

Mayi Thongbai anayang'ana mwana wawo wotsala yekhayo ali chogwada, nayang'ana mdzukulu wawo. Kenako anamukankha Fon kumsana.

Lamduan ananyamula mwanayo n'kumukweza m'galimoto, naponyamo thumba. Asanakwere anatembenuka. Nkhope yake inali itabwerera mwakale.

"Alamu, ndikachoka sindiye kuti mwachira. Pitani kuchipatala mawa lomwe, akakuunikeni. Mwina inu mwafulumira. Ndipo ana anuwo muziwaphikira nsomba."

"Ndipita, ndipita kulikonse kumene unene," anatero Bunthan, mphumi uli pansi. Zimene anakana kumva kwa mlamu wake zaka zonsezi anazimva kwa pob m'kamphindi.

Galimoto inanyamuka. Kumbuyoko kunali mabenchi awiri oyang'anana, ndi mayi mmodzi wa mudzi wina amene anali m'tulo, atakumbatira dengu la abakha. Lamduan anamanganso tsitsi. Anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Wapulumutsa mwana. Anatambasula dzanja kuti amasule ulusi umene unkamuthina Fon pakhosi.

Mwanayo anadzikhwinyata, nasunthira kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo pamene msewu unkathamanga pansi. Anapinda mawondo, naphimba mimba yake ndi manja onse awiri.

"Fon, bwera kuno, ungagwe. Ndine mayi ako. Zija ndimangowaopseza."

Mwanayo anamuyang'ana pakamwa, osati m'maso.

"Amayi," anatero mwaulemu, ndi mawu a mwana wofuna kusangalatsa munthu wamkulu, "mukamva njala muzindiuza. Ndizikuphikirani mpunga wambiri."